Pamene akulu akuika ana m'manda

Pali maliro ena omwe ukangofika pasiwa umadziwa kuti pali chinthu chomwe anthu sakufuna kuchitchula. Amayi akulira m'nyumba monga mwa masiku onse, abambo azungulira moto panja, koma ukafunsa kuti, "Kodi amadwala chiyani?", amene wakhala naye pafupi amayamba wayang'ana pansi, kenako n'kuyankha motsitsa mawu kuti, "Zangochitika mwadzidzidzi." Kaya ndi ku Ndirande, ku Bangwe, ku Mbayani kapena ku Chilomoni, ambiri a ife okhala mu Blantyre tinakhalapo pa maliro otere. Kawirikawiri malemuyo amakhala mnyamata wa zaka za m'ma 20, amene dzulo lake anthu anamuona akuyenda bwinobwino. Mwina wadzipha. Mwina wapezeka m'ngalande achiwembu atamuvulaza. Mwina gulu la anthu linamugwira pamsika.

Imfa zitatuzi timazilira mosiyana. Za wodzipha timanong'onezana, wophedwa ndi achiwembu timamumvera chisoni, wophedwa ndi gulu timati zake zimenezo, anazifuna yekha. Apolisi nawonso amazilemba m'mabuku osiyana. Koma mukaona amene akugona m'mabokosimo, ndi anthu amodzimodzi: anyamata, ambiri opanda ntchito yodalirika, omwe vuto lawo linayamba kalekale koma palibe analisamala kufikira tsiku lomwe inasanduka nkhani ya apolisi.

Chaka cha 2020 ndi pamene nkhani ya kudzipha inayamba kumveka kwambiri m'dziko muno. Apolisi analengeza kuti kuyambira Januwale mpaka Ogasiti 2019 anthu 116 anadzipha, pomwe miyezi yomweyo mu 2020 anafika 182. Uku kunali kukwera ndi 57 peresenti m'chaka chimodzi, chaka chomwe Covid-19 inatseketsa sukulu n'kuimitsa mabizinesi ambiri ang'onoang'ono. Mwa anthu 100 alionse omwe anadzipha, 92 anali amuna. Mliri utadutsa chiwerengerocho sichinabwerere pansi, moti mu 2022 miyezi yomweyo chinapitirira 200. Malipoti a zaka zotsatira akhala akubwereza chinthu chimodzi: ochuluka ndi amuna, ndipo ambiri mwa iwo ndi achinyamata ndi abambo omwe sanakalambe n'komwe.

Kuti timvetse kulemera kwake tikumbukire kuti Malawi ndi dziko la ana. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo oposa theka anali osakwana zaka 18. Mzinda wa Blantyre wokha unali ndi anthu pafupifupi 800,000. Chilichonse chokhudza achinyamata kuno chimakhudza nyumba iliyonse.

Padziko lonse, bungwe loona za umoyo la WHO limati anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse, ndipo mu 2021 kudzipha kunali pa nambala 3 mwa zinthu zomwe zimapha anthu a zaka 15 mpaka 29. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti vutoli lakhala likuchepa padziko lonse: pakati pa 2000 ndi 2019 linatsika ndi 36 peresenti. Choncho si chinthu chosatheka kuchigonjetsa. Koma mu 2019 momwemo chigawo cha Africa n'chomwe chinali pamwamba pa zigawo zonse, anthu 11.2 pa 100,000 alionse, pomwe dziko lonse lapansi linali pa 9. Mawu aja akuti kudzipha ndi khalidwe la azungu alibe maziko.

Ziwerengero za apolisi tiziwerenge mosamala, chifukwa zimangotiuza za imfa zomwe zinafika kupolisi. WHO inayerekeza kuti mu 2019 mokha anthu pafupifupi 1,000 anadzipha ku Malawi, kuchulukitsa kangapo zomwe zinalembedwa m'mabuku. Enawo anapita kuti? Banja limabisa. Limaopa kuti mpingo ukana kudzayimbira malirowo, limaopa kulozedwa zala, limaopa kuti anthu anena kuti pabanjapo pali tsoka kapena kuti wina anakhwimira mwanayo. Imfa zambiri za kunyumba sizilembedwa n'komwe. Kotero kukwera kwa ziwerengero kukhoza kusonyeza zinthu ziwiri nthawi imodzi, kuti odzipha akuchuluka, komanso kuti anthu ayamba kunena zomwe kale ankabisa.

Lamulo nalo lathandizira kubisaku. Gawo 229 la Penal Code, buku la malamulo a milandu lomwe tinatengera kwa atsamunda, linaika kuyesa kudzipha m'gulu la milandu, ndipo alipo anthu m'dziko muno omwe atapulumuka anakaonekera kukhoti m'malo mokaonana ndi dokotala. Ku England, komwe maganizo amenewa anachokera, anathetsa mlanduwu mu 1961. Ghana inauthetsa mu 2023. Taganizani mayi amene wapeza mwana wake ali pangozi usiku. Ngati mumtima mwake muli mantha akuti kuchipatala kukabwera apolisi, amayamba wayesa zapakhomo, mphindi n'kumapita. Ine ndimaona kuti palibe mnyamata amene analeka kudzipha chifukwa choopa ndende, koma alipo ambiri omwe analeka kupempha thandizo.

Nthawi zinanso dzina lomwe imfa yapatsidwa limakhala labodza. Anthu a mu Blantyre sadzaiwala Robert Chasowa, wophunzira wa ku Polytechnic, yomwe lero ndi MUBAS, amene anapezeka atafa pasukulupo pa 24 Sepitembala 2011 ali ndi zaka 25. Apolisi ananena kuti anadzipha. Komiti yofufuza yomwe inakhazikitsidwa mu 2012, motsogozedwa ndi Jaji Andrew Nyirenda, inapeza kuti anachita kuphedwa. Nkhani imeneyi imatikumbutsa kuti malire a kudzipha ndi kuphedwa amadalira amene wapima mtembo ndi amene walemba lipoti.

Nanga n'chifukwa chiyani amakhala amuna? Apa ndipo ndikufuna kukhalitsapo. M'maiko ambiri akazi ndi omwe amayesa kudzipha kawirikawiri, koma amuna ndi omwe amafa kwambiri, chifukwa amatenga njira zosabwezeka, amamwa mowa kwambiri, ndiponso amachedwa kuuza munthu. Kuno kwathu kuchedwako timachita kuwaphunzitsa. Mwana wamwamuna akagwa timati, "Dzuka, mwamuna salira." Akakula n'kuyesa kudandaula, anzake amati, "Limba mtima aise, aliyense zikumuvuta." Tsopano onani kusiyana kwake. Mayi ali ndi anzake pa kiyosiki ya madzi, ali ndi a Mvano kapena a Dorika, ali ndi banki mkhonde, ali ndi anankungwi. Malo onsewa munthu amatha kulira, wina n'kumugwira paphewa. Mnyamata ali ndi pabawo, pamowa, ndi mkangano wa Bullets ndi Noma. Ndi malo abwino ocheza, koma amakambapo chilichonse kupatula chomwe chikumudya mumtima.

Pamwamba pa kusalankhulako timamusenzetsa katundu wakuti mwamuna ndi wopezera banja zosowa. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pakati pa zimenezi, mu Malichi 2023, namondwe Freddy anagumula phiri la Soche n'kukokolola nyumba ndi anthu ku Chilobwe, ndipo alipo achinyamata omwe anafukula abale awo m'matope ndi manja awo. Ambiri analandira ufa ndi mabulangete, koma ochepa ndi omwe anafunsidwa ngati akugona tulo. Mnyamata amene anakhoza MSCE, makolo atagulitsa mbuzi kuti amulipirire fizi, lero akugulitsa mayunitsi ku Limbe, ndipo mwezi ukatha foni yochokera kumudzi imalira.

Mukamva nkhani za ngongole zomwe zimatchulidwa pa maliro otere, ndalama yake nthawi zina siikhala yaikulu. Chachikulu ndi manyazi. Wakabaza wadya ndalama ya bwana mwini njinga. Wogwira ntchito pa kauntala ya Airtel Money kapena Mpamba watapa ndalama ya bizinesi n'kuiponya pa juga ya pafoni ya kandege, poganiza kuti aibweza madzulo. Wophunzira watchovera juga ndalama ya fizi. Kuti atseke dzenjelo amapita kwa wakatapila, chiwongoladzanja n'kuyamba kubereka, mpaka tsiku lomwe zonse zidzaululike layandikira. Juga ya pafoni ndi yoopsa chifukwa ilibe mboni. Kale wotchova juga ankaonedwa ndi mudzi wonse, lero munthu amataya malipiro a mwezi ali gone pabedi, mkazi wake ali pambali osadziwa kanthu. Chimodzimodzinso nkhani za chibwenzi ndi za m'banja, zomwe apolisi amazitchula kawirikawiri. Kusiyidwa kumapweteka aliyense, koma kwa mnyamata amene ulemu wake wonse unatsamira pa chibwenzicho, kumakhala ngati wavulidwa pagulu. Kwa atsikana, mimba yosayembekezera, kugwiriridwa, kukwatiwa mokakamizidwa ndi zithunzi zamseri zofalitsidwa pa WhatsApp zimachita zomwezo.

Komabe tisanamizane kuti umphawi wokha ndiwo ukupha. Amphawi ndi ambiri mu Blantyre, ndipo unyinji wawo sudzipha. Ngongole kapena kusiyidwa kumakhala ngati machesi, koma udzu umakhala utauma kale. Kwa ambiri udzuwo ndi matenda a maganizo, makamaka kukhumudwa kwakukulu komwe sikuchoka. Munthu amatha milungu iwiri kapena kuposa osasangalala ndi chilichonse, osagona kapena kungogona, osafuna kudya, kudziona ngati wopanda pake komanso mtolo kwa abale ake. Ife timati "akuganiza kwambiri", kapena "wayamba ulesi", kapena "wayamba mwano", chifukwa kwa anyamata matendawa amatulukira mu ukali ndi mowa. Zikakula timati walodzedwa kapena ali ndi ziwanda. Mawu akuti misala tinawasungira munthu wovula zovala pamsewu, ndiye amene akuvala bwino n'kumapita kuntchito sitimuwerengera kuti akudwala. Chonsecho ndi matenda ochizika, ena ndi uphungu, ena ndi mankhwala, ena ndi zonse ziwiri.

Pali chinthu china chomwe ndikanakonda kholo lililonse likanachidziwa. Nthawi yomwe munthu amakhala pangozi yeniyeni imakhala yaifupi, maola ochepa, mwinanso mphindi. Maganizo amapanikizika, munthu n'kumaona ngati njira yatsala imodzi yokha, ndipo kachasu kapena chamba zimachotsa kamantha komwe kakanamuletsa. Nthawiyo ikadutsa ali moyo, ambiri sabwererako. Kafukufuku wotsatira anthu opulumuka kwa zaka zambiri amasonyeza kuti pafupifupi 9 mwa 10 alionse samadzafa modzipha. N'chifukwa chake chomwe chili pafupi ndi dzanja lake usiku umenewo chili ndi kanthu. Padziko lonse, pafupifupi imfa imodzi mwa 5 za kudzipha imachitika ndi mankhwala ophera tizilombo ta mbewu. Dziko la Sri Lanka litaletsa mitundu yoopsa kwambiri ya mankhwalawa, kudzipha kunatsika ndi pafupifupi 70 peresenti pakati pa 1995 ndi 2015, ulimi osawonongeka. Mavuto a anthu sanathe, koma ambiri anapeza mpata wofika m'mawa. Kuno poizoni wamphamvu amagulitsidwa poyera m'misika, wopanda chizindikiro, kwa aliyense ngakhale mwana, ndipo m'nyumba zambiri amasungidwa pamwamba pa kabati.

Tsopano za ophedwa. Kafukufuku wa boma wa 2013 wokhudza nkhanza kwa ana anapeza kuti anyamata pafupifupi awiri mwa atatu alionse, ndi atsikana awiri mwa asanu, anachitiridwapo nkhanza zomenyedwa asanakwane zaka 18. Mtsikana mmodzi mwa asanu ndi mnyamata mmodzi mwa 7 anachitiridwapo nkhanza zogonana. Mwana woleredwa chotere amakula akudziwa kuti mkangano umatha ndi chibakera. Nkhanza za paubwana n'zodziwika kuti zimakulitsa ngozi zonse ziwiri, yodzivulaza ndi yovulaza ena. Mkwiyo womwewo wina amaulozetsa mkati, wina amautulutsa pa mnzake pamowa, pa mkazi wake, kapena pa munthu wosamudziwa amene anthu akumukuwira kuti "Wakuba!"

Chilango cha gulu n'chomwe chimandiwawa kwambiri, chifukwa timachita tonse, masana dzuwa likuswa mtengo. Mu 2016 ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inadandaula kuti anthu osachepera 16 anaphedwa ndi magulu a anthu ku Malawi m'miyezi iwiri yokha. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinayambira ku Mulanje ndi Phalombe n'kufika mu Blantyre mwezi wa Okutobala, ndipo anthu osachepera 8 anaphedwa. Mmodzi mwa ophedwa muno anali mnyamata wa zaka 22 wodwala khunyu. Sanabe kanthu, sanapope magazi a munthu. Gulu lilibe nthawi yofunsa. Amene akudwala maganizo, woledzera amene wasochera khomo, mlendo amene sakutha kufotokoza komwe akupita, onsewa amaoneka ngati akuba kukada. Ndipo mukaona omwe anyamula miyala, ndi anyamata a msinkhu womwewo ndi amene wagona pansiyo.

Anthu amadzitchinjiriza ndi mawu akuti, "Tikamupereka kupolisi, mawa timuona akuyenda." Kutopa ndi umbava n'koona, ndipo amene anaberedwapo katundu yense wa mu shopu kapena njinga yamoto yangongole amakudziwa. Akabaza ambiri avulazidwa, ena kuphedwa, ndi anthu omwe anadzionetsa ngati makasitomala usiku. Koma tidziwe kuti malamulo aakulu a dziko lino amafuna kuti womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo belo si kukhululukidwa, mlandu umakhala ukadalipo. Milandu yambiri imafa chifukwa mboni sizipita kukhoti. Pomwe mboni zalimba, chilungamo chimatheka ngakhale chichedwe. MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino wa ku Machinga, anaphedwa mu 2018 ali ndi zaka 22, ndipo mu 2022 Khoti Lalikulu ku Blantyre linapeza anthu 12 olakwa pa milandu yokhudza imfa yake, kuphatikizapo wansembe ndi wapolisi.

Foni zawonjezera china chatsopano. Munthu akaphedwa ndi gulu, kanema wake amazungulira m'magulu a WhatsApp mtembo usanafike ku mochale. Wina akadzipha, chithunzi chake, kalata yomwe wasiya ndi njira yomwe watsata zimafika pa Facebook abale ena asanamve uthenga. N'zodziwika kuti kufalitsa nkhani ya kudzipha mwatsatanetsatane kumakopa ena omwe ali kale pangozi kuti atsanzire, makamaka achinyamata. Ndemanga zonyoza zija, zakuti "wamantha" kapena "wapita kumoto", womwalirayo saziwerenga. Amaziwerenga ndi mnyamata wina amene akulimbana ndi maganizo omwewo, n'kutsimikiza kuti sadzauza munthu.

Timakonda kunena kuti chakudza sichiimba ng'oma. Pa nkhani iyi ng'oma imalira ndithu, kungoti imalira motsitsa. Munthu amayamba kudzipatula, kugawa zinthu zake zomwe amazikonda, kutsanzika mosadziwika bwino, kulemba pa sitetasi kuti watopa, kunena kuti, "Posachedwa mupuma, sindidzakuvutitsaninso." Ena amakhala phee mwadzidzidzi atavutika nthawi yaitali, abale n'kuyesa kuti wachira. Amene anayesapo kale ndiye ali pangozi yaikulu kuposa onse, ndipo mawu akuti "amangofuna timumvere chisoni" aikitsa anthu ambiri. Abale a womwalira nawonso amafunika kuwayang'anira, chifukwa chisoni chosakanikirana ndi manyazi ndi kudziimba mlandu chimalemera kuposa cha maliro ena, pomwe anthu owapepesa amakhala ochepa.

Thandizo lilipo ngakhale ndi lochepa. Madokotala akuluakulu a matenda a maganizo m'dziko muno ndi owerengeka, ndipo kwa zaka zambirimbiri ntchitoyi inkayendera lamulo la 1948, la nthawi yomwe cholinga chinali kutsekera odwala. Chipatala chachikulu cha boma cha matendawa chili ku Zomba, ndipo dzina lakuti "ku Zomba" lenilenilo limaopsa anthu. Koma si aliyense amafunika kugonekedwa. Ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, kuli kiliniki ya matenda a maganizo komwe munthu amaonedwa n'kubwerera kwawo, ndipo zipatala zazing'ono monga za ku Ndirande, Limbe, Bangwe, Zingwangwa ndi Chilomoni zimatha kumutumizako. A St John of God amagwira ntchitoyi ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Nambala ya 116 ndi yaulere kwa ana ndi achinyamata, ndipo wochitiridwa nkhanza akhoza kupita ku Victim Support Unit ya kupolisi kapena ku Chikwanekwane, malo a kuchipatala othandizira ochitiridwa nkhanza. Anansi athu a ku Zimbabwe anasonyeza kuti uphungu sudikira madigiri. Dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Harare, pomwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu omwe akuganiza kwambiri, ndipo kafukufuku anatsimikiza kuti anthu amapezadi bwino. Agogo otere tili nawo m'mipingo, m'mizikiti ndi m'makwalala onse a Blantyre. Chosowa ndi kuwaphunzitsa, ndi kupeza amuna achikulire omwe angakhalenso pabenchipo kuti anyamata asachite manyazi kufika.

Ngati mukukayikira za m'bale wanu, mufunseni mosapita m'mbali, muli awiri: "Mphwanga, ndakuona masiku ano suli bwino. Kodi umaganizako zodzipha?" Ambiri amaopa kuti funsoli limudzala maganizowo, koma kafukufuku wasonyeza kuti silitero, ndipo kawirikawiri munthu amapepukidwa kuti wina watchula chomwe iye amalephera kutchula. Akavomera, musamulalikire, musamukumbutse za anthu ovutika kuposa iye, musathamangire kumuuza kuti ndi tchimo. Mvetserani. Ngati ndi ngongole, khalani pansi muiwerengere limodzi, ndipo mudzipereke kukhalapo pokauza mwini ndalama kapena makolo. Usiku umenewo asagone yekha, mowa usakhale pafupi, ndipo mankhwala a mbewu, a makoswe ndi mapiritsi achotsedwe m'nyumbamo akasungidwe kwina. Ngati wamwa kale kanthu, musamusanzitse kapena kumumwetsa zapakhomo, thamangirani naye kuchipatala mutatenga botolo kapena pepala la chomwe wamwacho. Kukacha mupite naye limodzi kukaonana ndi achipatala m'malo mongomuuza kuti apite, ndipo akatuluka muzikamuona pafupipafupi, chifukwa milungu yoyambirira atabwerera kunyumba ndi yomwe ngozi yobwereza imakhala yaikulu.